Kodi kompyuta ikuwathandizadi ana athu kumvetsa fizikisi ku koleji?

Nabanda
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi nkhani yomwe yandizunguza mutu nde ndati ndiyitule pano poti muno muli anthu ambiri a fizikisi. Ine ndimaphunzitsa a chaka choyamba pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi, kalasi ndi yaikulu zedi moti mu labu sakwanamo onse nthawi imodzi, zida nazo ndi zakalekale, ma ammeter ena singano siyendanso. Chaka chino tapatsidwa chipinda cha makompyuta ndi pulojekita, nde ndakhala ndikuwaonetsa masimuleshoni a PhET aja, timapulogalamu toyerekezera ma experiment pa kompyuta, ya ma circuit, ya projectile, ya pendulamu. Ana amasangalala ndithu, olo aja okonda kusinza kumbuyo amatukula mutu. Koma ukawapatsa funso papepala loti babu ili tikalichotsa linzake liwala bwanji, mayankho ake ndi omwe aja a chaka chatha. Nde kompyutayi ikuthandiza chani kwenikweni? Inu amene mwakhala nayo nthawi yaitali mumatani?

Aphiri
Anabanda, ine ndinaphunzitsa fizikisi mpaka kupuma ntchito, ndipo zomwe mwaonazo sizikundidabwitsa. Pa kompyuta waya sathothoka, batire silifooka, kopanira waya sikuchita dzimbiri. Mu labu yeniyeni mwana amalumikiza zonse monga chilili chithunzi koma babu osayaka, nde amayamba kufufuza, kodi batire latha, kodi ammeter ndaizondotsa, kodi waya waduka mkati mwa chikopa chake. Kufufuza kumeneko ndiye fizikisi yake. Chinanso musaiwale kuti ana anuwo mawa lino akakhala aphunzitsi ku ma CDSS komwe kwina magetsi kulibe. Ife tinkawaumiriza TALULAR, kuti adziwe kupanga zida ndi zinthu zopezeka pafupi, mabatire a tochi, zitsekerero za mabotolo, ulusi ndi mwala. Mukawazoloweza pulojekita akafika kumudzi manja ali lende.

Mbewe wa ku Joni
Mfundo ya bambo Phiri ndi yolemera ndipo ndibwereranso. Koma ndifunse kaye asisi Nabanda, simuleshoni ikamayenda mouse imakhala m'manja mwa ndani? Komanso musanadine, ana amakhala atalemba zomwe akuganiza kuti zichitika?

Nabanda
Imakhala kwa ine achimwene, pa pulojekita, chifukwa nthawi ndi yochepa ndipo silabasi ndi yaitali. Ndimafotokoza kaye kenako nkuwaonetsa kuti mwaona, ndi zomwe ndimanena zija.

Mbewe wa ku Joni
Eya nde nkhani ili pamenepo. Izi anthu anazifufuzapo kale. Gulu la Eric Mazur ku Harvard linatulutsa kafukufuku mu 2004, anapeza kuti ophunzira amene angoonerera mphunzitsi akuchita demonstration samasiyana kwambiri ndi amene sanaione nkomwe, koma amene anauzidwa kuti alosere kaye zotsatira asanaone ndi amene ankakumbukira bwino ndi kufotokoza chifukwa chake. Nanga si mwana amabwera ndi fizikisi yakeyake m'mutu, yoti chinthu cholemera chimagwa msanga, yoti karenti imatha ikadutsa m'babu loyamba, ndipo ngati sunamuchititse kuti aitulutse poyera amangoonerera nkumagwedeza mutu, kutuluka panja akadali nayo.

Palinso wina Richard Hake, mu 1998 anasonkhanitsa zotsatira za makosi 62, ophunzira oposa 6,000, pa mayeso a mechanics ofunsa kumvetsa osati kuwerengetsa. Mwa zomwe sankazidziwa poyamba, a lekicha wamba anatolapo pafupifupi 23 pa 100, pomwe amene ankapatsidwa mpata wokambirana ndi kuyesa okha anatolapo pafupifupi 48 pa 100. Onani kuti kusiyana kwake sikunali koti uku kuli kompyuta uku kulibe ayi, kunali koti mwana akugwira ntchito ndi mutu wake kapena wangokhala chete nkumakopera.

David Sokoloff ndi Ronald Thornton, aja anayamba kale kulumikiza masensa ku makompyuta m'makalasi a fizikisi, njira yawo ndi yosavuta, aliyense alembe ulosi wake papepala, akambirane ndi mnzake wapafupi, mphunzitsi amve mayankho angapo osanena kuti wakhoza ndani, kenako ndiye adine. Pulojekita yomweyo muli nayoyo ikukwanira.

Aphiri
Zolosera kayezo ndikugwirizana nazo, ifenso tinkachita ndi mpira ndi choko. Koma simunandiyankhe za waya weniweni.

Mbewe wa ku Joni
Ndikubwera bambo. PhET inayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman ku University of Colorado Boulder, mkulu uja analandira Nobel ya fizikisi mu 2001, ndipo ndi yaulere. Anthu a komweko, a Noah Finkelstein ndi anzawo, mu 2005 anayesa chinthu chomwe mukufunsachi. Gulu lina linachita labu ya ma circuit ndi zida zenizeni, lina ndi simuleshoni basi, pamapeto onse anapatsidwa mawaya, babu ndi batire zenizeni kuti alumikize. A simuleshoni aja analumikiza mwachangu ndipo pa mafunso a kumvetsa anakhoza kuposa anzawo. Chifukwa chake nchomveka, mu simuleshoni umaona ma electron akuyenda m'waya, chinthu chomwe ndi maso sungachione, nde mutu sutanganidwa ndi kopanira kothothoka pamene mfundo yeniyeni isanalowe.

Aphiri
Ana a ku Colorado amenewo anakula akuseweretsa zinthu zamagetsi kunyumba kwawo. Wathu wochokera ku Nthalire kapena ku Makanjira mwina multimeter akuiona koyamba pa koleji. Ndipo simuleshoni nayo ili ndi bodza lake lomwe mphunzitsi ayenera kulidziwa. Timadontho tija timathamanga pa sikirini, pomwe m'waya weniweni wa tochi ma electron amayenda pang'onopang'ono zedi, osafika olo milimita imodzi pa sekondi. Babu lenileni likatentha resistance yake imakwera, galafu ya voliteji ndi karenti imapindika, koma babu lomwe mumaliyamba nalo pa kompyuta limangomvera lamulo la Ohm mowongoka. Mwana akapanda kuuzidwa zimenezi amaganiza kuti labu yeniyeni ndi imene yalakwa.

Mbewe wa ku Joni
Apo ndavomera kwathunthu. Mu simuleshonimo muli malo osinthira resistance ya mkati mwa batire ndi ya mawaya, komanso oikira mababu ofanana ndi enieni, koma ngati mphunzitsi sanawatsegule ana saziona.

Wachaka Chachitatu
Pepani akuluakulu ndilowererepo ngati wophunzira. Ine ku sekondale ndinakhoza bwino fizikisi koma mpaka kufika ku koleji ndinkakhulupirira kuti mu series babu loyandikira batire limadya karenti yambiri, lachiwiri nkulandira yotsala. V = IR ndinkaidziwa, masamu ndinkakhoza, koma m'mutu chithunzi chinali chimenecho. Chinandisintha ndi tsiku lomwe tinakhala atatu pa kompyuta imodzi, mnzanga wina ankati karenti ndi yofanana paliponse ife awiri nkumamutsutsa, nde tinatenga ammeter ija nkumaisuntha, kumbuyo kwa babu loyamba, pakati, kutsogolo kwa lachiwiri, nambala osasintha. Tinasinthanitsa mababu, yomweyo. Kenako ndi pomwe funso linabwera loti nanga chomwe chikutha ndi chani ngati si karenti, nkhani ya energy ndi voliteji nkuyamba kumveka. Madamu anali atationetsa simuleshoni yomweyo pa pulojekita koma tsiku limenelo sizinandikhudze. Nde madamu Nabanda ngati nkotheka asiyireni ana mouse, ndipo asamakhale aliyense payekha, atatu ndiye bwino chifukwa awiri amagwirizana msanga.

Koma vuto lathu ndi bandulo. Ukangotiuza kuti kaoneni pa intaneti ambiri sitipitako.

Mwale wa mu Labu
Za bandulozo zisakuvuteni. Ine ndine tekinishani, ntchito yanga ndi yomweyi. Masimuleshoni atsopano a PhET ndi a HTML5, iliyonse ndi fayilo imodzi, ukaidawunilodi kamodzi imatseguka mu Chrome kapena Firefox popanda intaneti, pa laputopu ngakhale pa foni. Munthu mmodzi adawunilodi pa WiFi ya pa koleji, ena onse agawane pa Bluetooth kapena pa fulashi. Akale aja a Flash musavutike nawo, Flash inatha kumapeto kwa 2020, a Java nawo amafuna kuika zina ndi zina. Chomwe ndingachenjeze ndi mafulashi a ana, amabwera ndi mavairasi, bola mafayilo onse muwaike pa kompyuta iliyonse nokha. Komanso magetsi akazima ma desktop onse amathima nthawi imodzi phunziro nkuthera pomwepo, nde ngati pali mwayi wosankha pemphani malaputopu.

Koma ine ndimafuna ndiwayankhe bambo Phiri ndi chinthu china chomwe sichinatchulidwe, Tracker. Iyi si simuleshoni ayi. Ndi pulogalamu yaulere yomwe anailemba Douglas Brown wa ku Cabrillo College ku California, ntchito yake ndi kuyeza zinthu pa vidiyo. Mwana amatenga mpira weniweni, wina aimika rula ya mita imodzi, wina ajambula ndi foni mpira ukugwa. Foni wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi, mpira kugwa mamita 2 umatenga pafupifupi masekondi 0.64, ndekuti muli ndi zithunzi ngati 19. Mu Tracker umauza kompyuta kuti kuchokera apa kufika apa ndi mita imodzi, kenako umadina pa mpira chithunzi chilichonse, galafu ya mtunda ndi nthawi imangomera pambali yopindika bwinobwino, ya liwiro ndi nthawi nkutuluka mzere wowongoka, kupendekera kwake ndiye g, acceleration ya chinthu chikamagwa. Ndi stopwatch ya m'manja zimenezi sizitheka, chala cha munthu chimachedwa kwambiri pa nthawi yaifupi chonchi.

Ndipo zovuta zomwe bambo Phiri akuzifunazo zimapezeka zonse. Foni ikagwedera manambala amabalalika, nde timaisanjika pa mabuku kapena kuimanga pa retort stand. Rula ikakhala pakhoma mpira ukugwera pafupi ndi kamera g imatuluka yaikulu mopitirira, chifukwa rula ndi mpira ziyenera kukhala mtunda umodzi kuchokera pa kamera. Mukajambulira m'kalasi mwa mdima mpira umaoneka ngati mzere wosaoneka pothera, bola panja padzuwa, mpira wowala kumbuyo khoma lakuda. Gulu likapeza 11 m'malo mwa 9.8 sindiliuza chalakwika, ndimangoti onaninso vidiyo yanu, rula ili pati.

Aphiri
Aaa izi ndiye zina a Mwale. Apa kompyuta yasanduka chida choyezera ngati ticker timer ija tinkadula timapepala nkumamata m'makope. Izi sindingatsutse. Koma ndipemphe chimodzi, galafu yoyamba ajambule ndi pensulo pa graph paper, atenge manambala pa kompyutapo koma mzere akoke okha ndi rula, gradient awerengetse okha. Ndaonapo malipoti mwana atalemba g ndi manambala asanu ndi limodzi kutsogolo kwa kadontho chifukwa choti kompyuta yatero, pomwe rula yake ndi ya mamilimita. Za uncertainty kompyuta siimuphunzitsa mwana, imangomupatsa manambala ambirimbiri ooneka ngati oona.

Nachisale
Ine ndili ku CDSS komwe bambo Phiri akukunenako, nde ndinene zomwe ndikadakonda kuti ku koleji adzitiphunzitsa. Chichokereni pomwe Physical Science inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry ntchito inakula koma labu kuno tilibe, zida zimakhala m'katoni ku ofesi. Kompyuta kulibe. Chomwe ndili nacho ndi foni yanga, ndipo muli phyphox, pulogalamu yaulere ya ku RWTH Aachen ku Germany, inatuluka mu 2016. Imagwiritsa ntchito masensa omwe ali kale m'foni ndipo siifuna intaneti.

Chomwe ana anga amachikonda ndi kuyeza liwiro la phokoso. Timabwereka foni yachiwiri kwa mphunzitsi wina, zonse tiika pa acoustic stopwatch, ija imayamba ikamva phokoso nkuima ikamva lina. Tiika mafoni pa bwalo motalikirana mamita 5. Mwana mmodzi aomba m'manja pafupi ndi foni yoyamba, zonse ziyamba kuwerenga koma yakutali ija imayamba mochedwa pang'ono, kenako wina aomba pafupi ndi yachiwiri, zonse ziima koma tsopano yoyamba ija ndi imene yachedwa kuima. Kusiyana kwa nthawi ziwirizo ndi nthawi yomwe phokoso layenda mamita 10, pafupifupi masekondi 0.03, mukagawa mumapeza cha m'ma 340 mita pa sekondi. Chovuta ndi kuwakhazika ana chete, wina akangotsokomola basi muyambirenso, komanso pafupi ndi khoma phokoso limabwerera nkusokoneza.

Dziwani kuti si foni iliyonse ili ndi masensa onse, zotchipazi gyroscope ndi barometer nthawi zambiri mulibe, koma accelerometer ndi maikolofoni zimakhalamo. Nde madamu Nabanda ana anuwo aphunzitseni izi asanatuluke, chifukwa kumudzi kuno foni ya mphunzitsi ndi sola yaing'ono zimapezeka. Kwa ine iyinso ndi TALULAR bambo Phiri.

Aphiri
Mwandigwira pamenepo Anachisale, foni masiku ano ndi chinthu chopezeka pafupi ndithu.

Gondwe
Ndachedwa kulowa koma ndawerenga zonse. Ine ndimaphunzitsa a chaka chachiwiri ndi chachitatu pa yunivesite ndipo ndikuona kuti pali ntchito yachitatu ya kompyuta yomwe sitinaikhudze, yoti mwana alembe yekha model. M'mabuku timangoti tinyalanyaze mphepo, tinyalanyaze friction, pendulamu isapite patali, osati chifukwa dziko lili choncho koma chifukwa masamu ake ndi pensulo savomera. Ndi Excel yokha mwana atha kupanga mizere ya nthawi, force, liwiro ndi mtunda, nthawi nkuidula tizidutswa ta masekondi 0.01, mzere uliwonse utenga wapamwamba pake nkuwonjezera pang'ono, njira ya Euler ija, kukokera pansi basi. Akaikamo air resistance amadzionera yekha kuti mpira suponyedwanso patali kwambiri pa madigiri 45 koma pa ngodya yocheperapo. Pendulamu ya mita imodzi formula imati pafupifupi masekondi 2, koma mukaikoka mpaka madigiri 60 nthawi imatalika ndi pafupifupi 7 pa 100, ndipo zimenezi atha kuzitsimikiza ndi ulusi ndi mwala wa bambo Phiri. Kusiyana kwake ndi PhET nkoti uku lamulo la Newton walilemba ndi iyeyo, akaiwala minus pa air resistance mpira umangothamangirathamangira, nde amadziwa kuti minus ija ili ndi ntchito. Amene afika patali timawapatsa Python, pali VPython yomwe imajambula zinthu zikuyenda. Akapanga chidutswa cha nthawi kukhala chachikulu pendulamu imayamba kukwera yokha ngati ikupeza energy kwina, apo ndi pomwe amaphunzira kuti kompyuta nayo imalakwitsa ndipo uyenera kuifufuza.

Koma ndinene chomwe chimandipweteka. Mayeso athu akadali oti lemba formula, lowetsa manambala. Mwana ndi wochenjera, akaona kuti za galafu ndi kufotokoza sizibwera pa mayeso amazisiya. Komanso assignment ya kunyumba ya mafunso a m'buku masiku ano ChatGPT ikuwalembera, ukamufunsa kuti mzere wachitatuwu wachokera kuti amangoyang'ana pansi.

Wachaka Chachitatu
Za ChatGPT ndi zoona bwana, sindingabise, ambiri akutero. Koma lipoti la vidiyo yomwe tajambula tokha ndi lovuta kubera chifukwa manambala ndi athu ndipo nkhope zathu zili momwemo.

Gondwe
Nchifukwa chake ine mamalikisi ena ndinawasamutsira pa kufunsa pakamwa, gulu libwere ndi laputopu, ndisinthe nambala imodzi mu model yawo nkufunsa kuti galafu isintha bwanji ndisanadine. Zimadya nthawi koma umadziwa amene wagwira ntchito.

Nabanda
Zikomo nonse, ndalemba zambiri. Koma ndibwerere pa kalasi yanga yaikulu ija. Chipinda cha makompyuta timagawana ndi madipatimenti ena, sindingachipeze phunziro lililonse. Masiku omwe ndili ndi pulojekita yokha mu holo, maulosi a ana onsewo ndiwamva bwanji?

Mbewe wa ku Joni
Kunja amagwiritsa ntchito ma clicker, tizida todina posankha yankho, koma sizofunika. Aliyense apinde pepala limodzi panayi alembe A, B, C, D zikuluzikulu, funso likhale pa pulojekita ndi mayankho anayi, muwapatse mphindi imodzi aliyense aganize payekha, kenako onse akweze nthawi imodzi pachifuwa kuti akumbuyo asaonere. Mukaona kuti agawikana muwauze kuti peza mnzako amene wasankha zosiyana ndi iwe umukope, holo ichite phokoso mphindi ziwiri zitatu, avotenso, kenako muitane mwana mmodzi adzagwire mouse. Akakhoza pafupifupi onse poyamba pomwe musataye nthawi pitirirani. Chofunika ndi mayankho olakwika aja, akhale omwe ana amawakhulupiriradi, ndipo inu mumawadziwa kale kuchokera m'mapepala a chaka chatha.

Nabanda
Sabata ya mawa ndili pa series ndi parallel, ndiyambira pomwepo. A Mwale munditumizireko fayilo ya Circuit Construction Kit, simuleshoni ya PhET ya ma circuit ija, ndi ya Tracker. Bambo Phiri, inu amene mwachonga mapepala ambiri, funso loyamba likhale lotani?

Mwale wa mu Labu
Ya circuit ndikutumizirani madzulo ano, ndi yaing'ono. Tracker ndi yaikuluko, bola muidawunilodi pa WiFi ya kuntchito, musankhe ya Windows.

Aphiri
Yambani ndi ili. Batire limodzi, mababu awiri ofanana A ndi B mu series, onse akuwala. Kenako titenga waya nkulumikiza mbali ziwiri za B. A atani, awala chimodzimodzi, awala kwambiri, achepa, kapena azima? Ambiri amati chimodzimodzi poti sitinamukhudze, ena amati azima chifukwa amva mawu oti short. Akavota, akakangana, akaona pa kompyuta, mutulutse mabatire a tochi ndi mababu awiri enieni m'thumba, mwana mmodzi adzaike wayayo yekha kutsogolo kwa anzake.

Wachaka Chachitatu
B azima, A awala kwambiri chifukwa resistance yonse yatsika nde karenti yakwera. Koma bwana pa mababu enieni karenti ifikadi kawiri?

Aphiri
Siifika mwanawe. Filament ya A ikatentha kwambiri resistance yake imakwera, batire nalo lili ndi resistance yake mkati. Anabanda limeneli likhale funso lanu lachiwiri, ndipo mukatenge ammeter imodzi mwa zomwe singano ikuyendabe kuti ayeze okha.